DSEG: fonti ya manambala a pa wotchi, ndi pamene imafooka ikakumana ndi Chichewa

Aliyense amene anaimapo pafupi ndi mita ya magetsi madzulo, akuwalitsa foni kuti aone mayunitsi amene atsala, amawadziwa manambala amene ndikufuna kukamba pano. Ndi manambala odukaduka aja, omangidwa ndi timizere towongoka tosagundana, amene timawaonanso pa pampu ya mafuta, pa sikelo ya mu butchala, pa kakyuleta ya wogulitsa mu golosale ndi pa wotchi ya Casio F-91W, yomwe yakhala ikugulitsidwa kuyambira 1989 popanda kusintha kwenikweni maonekedwe ake. Palibe amene anatiphunzitsa kusukulu kawerengedwe ka manambala otere, komabe maso athu anawazolowera kwambiri moti tikawaona pa pepala timangoganiza za nthawi, mtengo kapena muyeso wa chinthu, ngakhale tisanawerenge mawu ena onse. Ine ndimagwira ntchito yokonza mapositala, zikwangwani ndi zithunzi za malonda pa kompyuta, ndipo kwa nthawi ndithu ndakhala ndikugwiritsa ntchito gulu la mafonti (mitundu ya kaonekedwe ka zilembo ndi manambala pa kompyuta) lotchedwa DSEG, lomwe linapangidwa motengera manambala amenewa. Ndikufuna ndifotokoze zimene ndaona pa fontiyi, zabwino zake ndi zokhumudwitsa zake, kuti amene akuganiza zoitenga adziwe chimene akutenga.

DSEG inapangidwa ndi katswiri wa ku Japan amene amadziwika ndi dzina lakuti keshikan, ndipo imapezeka ulere pa tsamba lake komanso pa GitHub, tsamba la pa intaneti limene anthu amagawanirapo mapulogalamu a kompyuta. Imabwera ndi chilolezo cha SIL Open Font License, chomwe tanthauzo lake ndi lakuti munthu akhoza kuigwiritsa ntchito pa malonda, kuiika mu pulogalamu ya pa foni, ngakhale kuisintha, malinga ngati sakugulitsa fontiyo payokha. Mfundo imeneyi ndaitchula koyambirira dala, chifukwa ambiri mwa ife timangotsitsa mafonti pa intaneti osawerenga zimene mwini wake walola. Fonti ina yotchuka ya mtundu womwewu, Digital-7, yomwe imaoneka kawirikawiri pa mapositala, ndi yaulere pa ntchito za munthu payekha, koma pa malonda mwini wake amafuna kuti ilipiridwe. Munthu amene akukonza chikwangwani cha kasitomala wolipira ali kale pa malonda, kaya akudziwa kaya sakudziwa, ndipo DSEG imamuchotsera nkhawa imeneyo.

Mukatsitsa fayilo yake mumapezamo mabanja atatu akuluakulu. DSEG7 ndi ya timizere 7, ngati ta pa kakyuleta. DSEG14 ndi ya timizere 14, ngati ta pa wailesi ya m'galimoto kapena makina oonetsera ma DVD. Ndipo DSEG Weather ndi tizithunzi ta nyengo, monga dzuwa, mitambo ndi mvula, tojambulidwa mofanana ndi zimene zimaoneka pa mawotchi ena a pakhoma. Mabanja awiri oyambawo ali ndi mitundu ya Classic ndi Modern, uliwonse uli ndi zilembo zopyapyala, zapakatikati ndi zonenepa, zoimirira ndi zopendekeka, kuphatikizapo mtundu wa Mini umene mipata ya pakati pa timizere ndi yokulirapo kuti isatsekeke zilembo zikachepa. Zonse pamodzi zimakwana mafonti pafupifupi 50, ndipo ndinene mosabisa kuti kuchuluka kumeneku kumasokoneza tsiku loyamba, chifukwa mayina ake amafanana kwambiri ndipo mndandanda wa mafonti mu pulogalamu yanu umatalika mwadzidzidzi. Ine ndinaika onse, kenako ndinachotsa ambiri n'kutsala ndi 6 okha amene ndimabwererako nthawi zonse.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene fontiyi ilili yabwino, ayenera kudziwa pang'ono mmene chinthu chimene ikutsanziracho chimagwirira ntchito. Lingaliro lomanga manambala ndi timizere toyaka ndi lakale kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti mu 1908 munthu wina wa ku America, Frank W. Wood, anali atapempha kale umwini wa luso la chikwangwani cha timizere 8, chomwe kamzere kake kowonjezera kanali kopendekeka kuti nambala 4 ioneke bwino. Manambalawa anafala kwenikweni m'zaka za m'ma 1970, pamene makakyuleta a m'thumba anayamba kuchuluka ndiponso kampani ya Hamilton inatulutsa wotchi ya Pulsar mu 1972, yomwe inkayatsa manambala ofiira munthu akadina batani. Maziko ake ndi osavuta: pali timizere 7 toyalidwa ngati nambala 8, akatswiri amatitchula ndi zilembo kuyambira a mpaka g, ndipo nambala iliyonse imapangidwa poyatsa tina n'kuzimitsa tina. Popeza kamzere kalikonse kangakhale koyaka kapena kozima, njira zonse zotheka ndi 128, zomwe ndi zokwanira bwino manambala 10, koma sizithandiza pa zilembo zimene zimafuna mizere yopendekeka. Opanga mafonti anachita chidwi ndi maonekedwe amenewa kalekale, ndipo kampani ya Letraset inatulutsa fonti yotchedwa LCD, yojambulidwa ndi Alan Birch, mu 1981.

Chimene chimasiyanitsa DSEG ndi mafonti ambiri amene ndinayesapo n'chakuti wopanga wake sanangojambula manambala ooneka ngati a pa wotchi, koma anaganizira khalidwe la wotchiyo. Pa sikirini yeniyeni nambala iliyonse ili ndi chipinda chake chosasuntha, choncho 1 amakhala kumanja kwa chipindacho n'kusiya mpata waukulu kumanzere, ndipo m'lifupi mwake amatenga malo ofanana ndi a 8. DSEG inasunga zimenezi ndendende. Munthu wosazolowera akhoza kuona ngati mpata umene uli pakati pa manambala mu 11:10 ndi cholakwika, n'kuyamba kuwakankhira pamodzi, koma akatero amakhala wachotsa chinthu chimene chimapangitsa diso kukhulupirira kuti likuona makina enieni. Phindu lake lalikulu limaoneka pa zithunzi zoyenda. Ndinakonzapo kavidiyo kowerengetsa masekondi amene atsala kuti mpikisano wina wa malonda utsekedwe, ndipo chifukwa manambala onse ndi ofanana m'lifupi, palibe nambala imene inkanjenjemera kapena kukankha inzake pamene 20 akusanduka 19.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene ndinatizindikira nditawerenga malangizo a fontiyi, ndipo ndi timene tinandikopa kwambiri. Mpumiro, kadontho kamene kamalekanitsa nambala yathunthu ndi zidutswa zake, satenga malo alionse m'lifupi, koma amangokhala kumunsi pakati pa manambala awiri monga momwe amakhalira pa sikelo, moti 12.50 ndi 1250 zimatalika mofanana. Timadontho tiwiri ta pakati pa maola ndi mphindi tili ndi m'lifupi wofanana ndi wa mpata wopanda kanthu, kutanthauza kuti mukafuna wotchi yophethira mumangosinthanitsa ziwirizi sekondi iliyonse ndipo manambala sasuntha ngakhale pang'ono. Mukadina mfuuliro, chizindikiro cha kufuula chija, sipatuluka chilembo chooneka, koma chipinda chopanda kanthu chofanana kukula ndi nambala, ngati kuti timizere tonse tazima. Zimenezi zimathandiza pamene mukufuna kuti 45 akhale kumanja kwa sikirini ya zipinda zinayi popanda kulimbana ndi kusuntha zinthu ndi dzanja.

Koma njira imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya mthunzi wa timizere tozima. Mukayang'anitsitsa wotchi ya pamkono cham'mbali, mumaona kuti kuseri kwa manambala akuda kuli ma 8 otuwa, osaoneka bwino, omwe ndi timizere timene sitinayake. Mu DSEG7 mumalemba 88:88 ndi mtundu wozimiririka kwambiri, kenako pamwamba pake mumaika nthawi yeniyeniyo ndi mtundu wakuda, ndipo chifukwa zipinda zonse n'zofanana, ziwirizi zimakhalirana bwinobwino popanda kamzere kotulukira pambali. Mu DSEG14 chizindikiro cha ~ ndi chimene chimayatsa timizere tonse 14. Ndinagwiritsa ntchito njira imeneyi pa chithunzi cholengeza zigoli za mpira wa m'dera lathu, manambala achikasu pa bolodi lakuda, mithunzi yake yofiirira pang'ono kumbuyo, ndipo mkulu wina wa timuyo atachiona pa foni anandifunsa kuti bolodi limeneli ndalijambula pa bwalo liti. Ndi Classic yonenepa yopendekeka imene inagwira ntchitoyo, ndipo ndi imene ndimalangiza munthu woyamba, chifukwa timizere take tosongoka kumapeto ndi timene anthu ambiri amatidziwa. Modern ndi yoyera bwino, koma kwa ine imaoneka ngati ya makina amene sindinawaonepo m'sitolo iliyonse, choncho simakumbutsa woona chilichonse.

Tsopano ndifike pamene fontiyi imafooka, ndipo apa ndi pamene wolemba Chichewa ayenera kusamala kuposa wolemba zinenero zina. Timizere 7 sitingathe kupanga bwino zilembo K, M, V, W ndi X, chifukwa zonsezi zimadalira mizere yopendekeka kapena mzere woima pakati, zomwe palibe pa chithunzi cha 8. DSEG7 ili ndi zilembo zonse za alifabeti, koma pa zovutazi wopanga anangoyerekeza, ndipo zotsatira zake ndi zizindikiro zimene munthu amachita kulota kuti ndi chiyani. Vuto ndi lakuti K, M ndi W ndi msana wa mawu athu. Taganizirani mawu amene amapezeka pa chikwangwani cha malonda: mtengo, kwacha, mawa, makwacha, mwayi, kuchotsera, Lachiwiri, Loweruka. Ndinayesa kulemba MWAYI WOMALIZA mu DSEG7 n'kuonetsa mchemwali wanga, amene amawerenga bwino kwambiri, ndipo anayang'ana kwa kanthawi n'kufunsa ngati kompyuta yawonongeka. Ngakhale chizindikiro cha ndalama yathu, K kapena MK, chimene chiyenera kutsogolera mtengo uliwonse, ndi chimodzi mwa zimene sizituluka bwino. Pa mndandanda wa mitengo umene ndinakonzera wokonza mafoni wina, ndinalemba manambala mu DSEG7 koma K ndinamutenga mu fonti wamba n'kumuchepetsa, monga mmene opanga masikelo amasindikizira kg pambali pa galasi m'malo moyesa kumuyatsa ndi timizere.

Si zilembo zovuta zokha zimene zimasokoneza, pakuti pa timizere 7 pali zilembo zimene zimafanana kwambiri ndi manambala: S ndi 5, O ndi 0, I ndi 1, Z ndi 2, B ndi 8. Pa wotchi zimenezi zilibe kanthu chifukwa aliyense akudziwa kuti akuwerenga nthawi. Pa positala pamene pali nambala ya galimoto, nambala ya mpando kapena mawu achinsinsi a mpikisano osakaniza zilembo ndi manambala, kusokonezeka kumeneku kukhoza kubweretsa mkangano weniweni ndi kasitomala, ndipo wolakwa amakhala wokonza positalayo, osati fonti.

DSEG14 imachepetsa mavutowa kwambiri, popeza timizere take topendekeka ndi toima pakati timalola K, M ndi W kuoneka ngati zilembo zenizeni. Mawu afupiafupi monga TATSEGULA, MAWA kapena ZIKOMO amawerengeka bwino, makamaka akakhala aakulu ndiponso pamalo akuda. Komabe mawu Achichewa amakonda kutalika, chifukwa timamangirira nthawi, mwini ntchito ndi wochitiridwa ntchito m'mawu amodzi, ndipo fonti imene chilembo chilichonse chimatenga chipinda chofanana imatambasula mawu otere mpaka kudzaza pepala lonse. Mawu akuti TIKUKUYEMBEKEZERANI ali ndi zilembo 19, ndipo nditawalemba mu DSEG14 pa khadi la ukwati ndinayenera kuwachepetsa mpaka mipata ya pakati pa timizere inayamba kutsekeka. Ndinawachotsa n'kusiya tsiku lokha mu DSEG7, ndipo khadilo linaoneka bwino kuposa poyamba. Chinanso n'chakuti fontiyi ilibe ŵ wa kadenga, amene ena amamulembabe m'mawu ngati Malaŵi, choncho mukamulemba pulogalamu imakabwereka chilembocho ku fonti ina, ndipo pakati pa mawu odukaduka pamatulukira chilembo chimodzi chosalala chooneka ngati mlendo pa maliro a eni ake. Amene amalemba popanda kadengako sadzaliona vutoli, koma amene amatsatira kalembedwe kameneko ayenera kujambula yekha kachizindikiroko pamwamba pa W.

Pa nkhani yosindikiza ndili ndi phunziro limene ndinalipeza mowawa. Ndinatumiza fayilo ya chikwangwani cha mitengo ku malo ena osindikizira mumzinda, ndili wotsimikiza kuti zonse zili bwino, koma kompyuta yawo inalibe DSEG, ndipo pulogalamu yawo inaika fonti ina m'malo mwake popanda wina kuzindikira. Choipa kwambiri n'chakuti zipinda zopanda kanthu zija, zimene ndinazipanga ndi mfuuliro, zinasanduka mifuuliro yeniyeni, moti mtengo uliwonse unatsogoleredwa ndi zizindikiro ziwiri zofuula, ndipo ma 8 a mthunzi anaonekera pambali pa manambala ngati zolemba za munthu woledzera. Ndalama zosindikiziranso zinatuluka m'thumba mwanga. Cholakwacho sichinali cha fonti, koma nzeru zomwe zimaipangitsa kukhala yabwino ndi zomwezo zimene zimaipangitsa kuwonongeka moipa ikasowa. Kuyambira tsiku limenelo ndimasandutsa zilembo zonse kukhala zojambula ndisanatumize fayilo, kapena ndimatumiza PDF yokhala ndi fonti mkati mwake, ndipo ndimapempha kuona chitsanzo chaching'ono asanasindikize chachikulu. Kwa amene amadula zomata za pa galasi la sitolo, dziwani kuti kamzere kalikonse kamatuluka pakokha, choncho nambala 8 imodzi ndi tizidutswa 7, ndipo kamodzi kakamatuka ndi dzuwa 8 uja akhoza kusanduka 9, 6 kapena 0. Pa nambala ya foni ya bizinesi, ngozi imeneyi si yaing'ono.

Kwa okonza masamba a pa intaneti ndi mapulogalamu a pa foni, DSEG imabwera ndi mafayilo a TTF, WOFF ndi WOFF2, ndipo popeza ili ndi zilembo zochepa, mafayilowo ndi opepuka, zomwe ndi zofunika kwa owerenga amene amawerengera bandulo yawo mosamala. Ndinaiyesa pa foni yotchipa ya sikirini yaing'ono ndipo mtundu wa Mini unaoneka bwino pamene Classic wamba anali atayamba kumatana. Chenjezo langa pano ndi lokhudza anthu a vuto la maso ndi achikulire, chifukwa manambala odukaduka ndi ovuta kuwerenga kuposa manambala osalala, makamaka akakhala opyapyala kapena ofiira pa malo akuda. Ngati nambalayo ndi yofunika kuti munthu asailakwitse, monga nambala yotumizirapo ndalama, mlingo wa mankhwala kapena nambala yoimbira pa ngozi, ine sindiilemba mu DSEG ngakhale kasitomala ataumirira.

Pali funso lina limene wokonza zithunzi ayenera kudzifunsa, lomwe silikhudza luso la fontiyi koma uthenga umene imanyamula. Kumayiko ena, fonti ya mtundu uwu imakumbutsa anthu zaka za m'ma 1980 ndipo imagwiritsidwa ntchito ngati chokometsera cha zakale. Kwathu kuno manambalawa sanakhale mbiri yakale, pakuti tikuwaonabe tsiku lililonse pamene tikulipira: pa pampu pamene malita akukwera pang'onopang'ono koma makwacha akuthamanga, ndi pa mita pamene mayunitsi akutsika. Chifukwa cha ichi ndaona kuti fontiyi imagwira bwino ntchito pa zinthu zokhudza kuwerengera, changu ndi kulondola, monga masiku otsala, zigoli, nthawi ya mpikisano wothamanga ndi mitengo ya zipangizo zamagetsi, koma imazizira pa zinthu zofuna chifundo kapena ulemu. Kasitomala wina anafuna kuti zaka za malemu bambo ake zilembedwe motere pa pulogalamu ya mwambo wa chikumbutso, poti malemuwo ankakonza mawotchi. Ndinamvetsa cholinga chake, ndipo tinagwirizana kuika kawotchi kakang'ono kumbuyo kwa pepala, kosonyeza chaka chobadwa mu DSEG7 yopyapyala, koma dzina ndi zaka za pa tsamba la kutsogolo tinazilemba ndi zilembo zodekha.

Poyerekeza ndi Digital-7, ndinganene kuti Digital-7 ili ndi zilembo zowerengeka msanga chifukwa sitsatira kwambiri malire a timizere 7, pamene DSEG7 imakakamira choonadi cha makina ngakhale pamene choonadicho chikuwononga mawu. Amene akufuna kulemba mutu wa positala wonse ndi zilembo za mtundu umenewu mwina angakondwe ndi yoyambayo, akalipira chilolezo chake. Amene akufuna kuti manambala aoneke ngati achokeradi pa makina, asasunthe pa vidiyo, ndiponso akhale ndi mthunzi wolondola kumbuyo, sadzapeza yoposa DSEG pakati pa zaulere zimene ine ndayesa. DSEG Weather ndaigwiritsa ntchito kamodzi kokha, pa chithunzi cha kalendala ya ulimi, ndipo ndi yokongola koma ntchito yake ndi yochepa.

Ndikaipatsa malikisi, pa manambala ndiipatsa 9 pa 10, ndipo imodzi ndachotsayo ndi ya mayina ake osokoneza komanso kufunika kowerenga malangizo kuti munthu adziwe nzeru zobisika ngati za mfuuliro zija. Pa mawu Achichewa DSEG14 ndiipatsa 5, ndipo DSEG7 sindiipatsa kanthu, chifukwa chinenero chodzaza ndi K, M ndi W sichikwana m'timizere 7. Pa kompyuta yanga ndasunga DSEG7 Classic yonenepa ndi yapakatikati, zoimirira ndi zopendekeka, Mini imodzi ya pa foni, ndi DSEG14 imodzi ya mawu osapitirira zilembo 9 kapena 10. Sabata ino ndikukonza chikwangwani cha malo otchajira mafoni pafupi ndi depoti, ndipo mwini wake wapempha kuti nthawi yotsegulira ndi yotsekera ioneke ngati ya pa wotchi. Manambalawo ndawalemba kale mu Classic yopendekeka, obiriwira pa bolodi lakuda, koma mawu akuti TIMATSEGULA ndi TIMATSEKA ndawasiya mu fonti wamba.